Mwana agwire sikelo, wamkulu agwire kostiki

M'nyumba zambiri muli kale chinthu chotchedwa soda. Ndi kaufa koyera kaja amayi amathira pang'ono mu therere kuti lifewe msanga. Mwana amakadziwa bwino, amatumidwa kukagula pagolosale, mwinanso tsiku lina adakanyambitako ali m'njira. Ndiye pakhomo pomwepo, kapena kusukulu, pabwere soda wina, woyeranso mbee, wopangira sopo. Mwana akamva dzinalo aganiza kuti ndi yemwe uja. Wa therere uja ndi sodium bicarbonate, ndipo sangakupangireni sopo ngakhale mutatakasa mpaka dzuwa kulowa. Wa sopo ndi sodium hydroxide, amene pa paketi amalembedwa kuti caustic soda, ndipo kanjere kake kamodzi kakagwera pakhungu la thukuta kamadya mnofu. Choncho musanatulutse mafuta, musanatsuke zikombole, yambani ndi dzina. Pamaso pa ana asatchedwe soda. Azitchedwa kostiki, ndipo dzinalo lizimveka m'makutu mwawo ngati mmene amamvekera mankhwala a makoswe.

Ife tikuti ana aphunzitsidwe kupanga sopo. Tikutinso mwana wa kupulaimale asagwire kostiki, kaya wouma kaya wosungunula, ngakhale atachonderera bwanji. Ziwirizi sizikutsutsana, chifukwa chimene mwana amatolapo pa ntchitoyi sichili mu kostikimo. Chili pa sikelo, m'kope, ndi m'masabata odikira kuti mtanda ukhwime.

Ndife anthu oyeza ndi maso. Nsima timaphika mongoona mmene yakhwimira pamthiko, mchere timathira mongotsina, tomato timagula pamulu, chimanga pandowa. Palibe cholakwika, poti nsima ili ndi pokonzera: ikafewa muwonjezera ufa. Sopo alibe pokonzera potero. Mukapyoza kostiki ndi masipuni atatu okha pa kilogalamu ya mafuta, mtanda utuluka wokongola ndithu, koma wosamba nawo atuwa mbuu ndi kuyabwa thupi lonse. Mukaperewera, mupeza chiphalaphala chonona chokana kuuma. N'zochepa zinthu zimene mwana angazione ndi maso ake zikumuuza poyera kuti nambala imene walemba m'kope ili ndi zotsatira. Masamu a m'kalasi akalakwika amathera pa chizindikiro chofiira cha aphunzitsi. Masamu a sopo akalakwika, mwana amaugwira m'manja mtanda wolakwikawo.

Chifukwa chake n'chakuti sopo si mafuta osakaniza ndi kostiki ayi. Ndi chinthu chachitatu chimene chimabadwa ziwirizo zikadyana. Kostiki amathyola mafuta, n'kutuluka sopo ndi glycerine, yemwe uja amagulitsidwa m'timabotolo kuti tizidzola m'nyengo yozizira. Amene adafotokoza bwino zimenezi ndi katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, m'buku lake lonena za mafuta a nyama la mu 1823, ngakhale anthu anali atapanga sopo kwa zaka zikwi asakudziwa chimene chikuchitika mumphikamo. Mfundo yofunika kwa mwana ndi iyi: mtundu uliwonse wa mafuta umadya kostiki wa muyeso wake. Galamu imodzi ya mafuta a ng'ombe imafuna magalamu pafupifupi 0.140 a kostiki. Ya mpendadzuwa imafuna 0.134, ya soya 0.135, ya mtedza 0.136, ya mawese aja a ku Karonga 0.141, pamene ya kokonati imafuna 0.183.

Apa ndiye pali ntchito ya mwana wa Sitandade 6 kapena 7 amene waphunzira kale madesimali ndi maperesenti. Mupatseni magalamu 700 a mafuta a ng'ombe ndi magalamu 300 a mpendadzuwa, muti apeze kostiki wofunika. Achulukitse 700 ndi 0.140, apeza 98. Achulukitse 300 ndi 0.134, apeza 40.2. Akaphatikiza ndi 138.2. Kenako achotsepo 5 peresenti, atsale ndi magalamu 131. Funso labwino n'lakuti tikuchotseranji, ndipo anawo ayese kuyankha okha musanawauze. Timachotsa kuti mafuta pang'ono atsale osadyedwa. Sikelo imatha kunama ndi galamu imodzi kapena ziwiri, mafuta a ng'ombe iyi safanana ndendende ndi a ng'ombe ina, ndiye ndi bwino cholakwika chigwere ku mbali ya mafuta kusiyana ndi ku mbali ya kostiki. Madzi akhale magalamu 300, ndiye kuti kuwirikiza kostiki kawiri ndi kuposerapo pang'ono. Zonse pamodzi ndi magalamu 1,431, okwanira mitanda 12 kapena 14 ya kukula ngati sopo wosambira wa kusitolo.

Ana awerengere m'magulu, gulu lililonse palokha, ndipo wamkulu asatsegule paketi ya kostiki mpaka mayankho onse agwirizane ndi lake. Pakapezeka gulu lasiyana, ntchito iime, afufuze pamene paphonyeka. Kuima kumeneko si kutaya nthawi. Ndi theka la phunzirolo.

Mukafuna kuwaonetsa kuopsa kosinthanitsa mafuta mwachisawawa, apatseni samu ina. Munthu wapeza malangizo a kilogalamu imodzi ya mafuta a kokonati, ofuna magalamu 183 a kostiki. Kokonati wamusowa, wangothiramo mpendadzuwa, umene umadya magalamu 134 okha. Magalamu 49 otsalawo apita kuti? Ali mumtandamo, akudikira khungu la munthu. Umu ndi mmene amabadwira sopo wambiri wolusa amene amachititsa anthu kunena kuti sopo wopanga pamanja amasupula. Njira ina yobadwira sopo wotere ndi kuyeza ndi kapu. Malangizo onena kuti kapu imodzi ya kostiki, makapu asanu ndi limodzi a mafuta, atayeni. Kostiki wina amabwera ngati timikanda, wina ngati mamba a nsomba, ndipo kapu yodzaza timikanda imalemera kuposa yodzaza mamba. Ngakhale mafuta, lita imodzi si kilogalamu: imalemera magalamu pafupifupi 920. Mwana aike lita ya madzi pa sikelo, aikenso lita ya mafuta, aone yekha. Sikelo yake ikhale ya batire, yowerenga galamu imodziimodzi, osati ya wotchi ija ya pamsika yoyezera nyemba. Ngati mafuta amene muli nawo ndi ophikira a m'botolo osanena kuti ndi a mbewu yanji, kawirikawiri amakhala osakaniza, ndipo werengerani pa 0.135. Koma dziwani kuti mafuta amadzimadzi okhaokha amatulutsa sopo wofewa, wochedwa kugwirana, wosachedwa kusungunuka pa bafa. N'chifukwa chake tikuika mafuta olimba ochuluka.

Alipo amene anganene kuti tikuchita mantha opyola muyeso, mwana amaphunzira pogwira, ndipo akapsa kamodzi sadzabwerezanso. Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambiwo ndi woona pa zinthu zimene zimangofota. Kostiki safota. Madokotala a ku Sierra Leone ndi ku Ghana, kumene amayi ambiri amapangira sopo pakhomo, akhala akulemba za ana ang'onoang'ono obwera kuchipatala atamwa madzi a kostiki. Nkhani yake imafanana: madziwo alibe mtundu, akazizira alibe fungo, ndipo adasungidwa m'botolo la chakumwa kapena m'kapu. Mwana waludzu amangomwa. Kum'mero kumapsa, chilonda chikapola chimasiya chipsera chofinya njira ya chakudya, mwana n'kumalephera kumeza ngakhale phala, ndipo ena amakhala akubwerera kuchipatala kwa zaka kuti akawatanule kum'meroko. Diso nalo likalowa dontho limodzi likhoza kuchita khungu osadzaonanso. Phunziro lotere silibwerezedwa chifukwa palibe chotsala chobwerezera.

Ndiye malamulo ake akhale ouma. Madzi a kostiki asasungidwe, ngakhale usiku umodzi. Sungunulani okwanira tsikulo, athere mumphika. Asathiridwe m'botolo la chakumwa, m'kapu, kapena m'chigubu chimene chidasungapo madzi akumwa. Kostiki wouma wotsala atsekedwe zolimba m'chitini cha pulasitiki cholembedwa dzina, chikhale kokhoma ndi loko, kiyi ali ndi munthu mmodzi. Kutsekako kumatetezanso kostikiyo, chifukwa amakoka chinyezi cha mumpweya, amaundana, n'kuchepa mphamvu. Wosungunula avale magalasi otchinga maso mbali zonse, magolovesi a rabala, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka. Magalasi owerengera sakwanira. Ndowa ziwiri za madzi oyera zikhale pafupi ntchito isanayambe. Kostiki akagwera pakhungu, sasani wouma uja kaye, vulani chovala chimene chanyowa, tsirani madzi osalekeza kwa mphindi 20. Musathamangire viniga kapena mandimu. Akalowa m'diso, tsirani madzi diso lili chitsegulire kwa mphindi 20 kapena kuposa, kenako kuchipatala. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa pobwerera kostikiyo awotchanso pomwe adutsa kale. Thamangani naye kuchipatala mutatenga paketi yake.

Za ziwiya, pali msampha umene uli m'khitchini iliyonse kwathu kuno: poto wa aluminiyamu. Mapoto ambiri amene timaphikira, makamaka opepuka otuwa aja ndi osula pamsika, ndi aluminiyamu. Kostiki amadya aluminiyamu, poto amada, madzi amawira okha, ndipo pamatuluka mpweya wa hydrogen umene umayaka ukakumana ndi moto. Ndowa za malata nazo ayi. Gwiritsani ntchito chitsulo chosachita dzimbiri kapena pulasitiki yolimba. Ana atembenuze mabigili ndi majagi, afunefune kanambala kali m'kati mwa katatu kaja pansi pake. Nambala 5 kapena 2 ndi yabwino. Nambala 1, ya mabotolo a zakumwa, imakwinyika ndi kutentha ndipo kostiki amaidya. Imeneyo ndi ntchito ya ana, ndipo amaikonda. Mthiko ukhale watsopano, ulembedwe chizindikiro, usadzabwererenso ku nsima.

Kukonza mafuta a ng'ombe kuchitike dzulo lake. Gulani mafuta olimba oyera aja a mozungulira impso, aduleni tizidutswa, muwaike mumphika ndi kapu ya madzi ndi kamchere, pamoto wochepa wa mbaula mpaka asungunuke. Sefani pansalu yoyera, asiyeni agone. M'mawa mupeza chimkate choyera chayandama pamwamba pa madzi. Chinyamuleni, palani zakuda za kunsi kwake. Ngati fungo la nyama likadalipo, bwerezani. Mafuta osayeretsedwa bwino amatulutsa sopo wonunkha kubutchala, ndipo palibe mafuta onunkhira amene angabise zimenezo.

Tsiku lopanga, ana ayeze mafuta onse awiri, ayale majumbo m'zikombole, akonze kope. Chikombole chikhoza kukhala kabokosi ka matabwa, katoni ya mkaka yodula pamwamba, kapena timabigili ta majarini. Wamkulu ayeze madzi, makamaka a mvula osefa, chifukwa a pamjigo m'madera ena ali ndi michere yambiri imene imalimbana ndi sopo. Kenako, panja, ana ataima kutali kumbali kumene mphepo ikuchokera, wamkuluyo athire kostiki m'madzi pang'onopang'ono akutakasa. Kostiki ndiye amapita m'madzi, madzi sapita mu kostiki. Mukatembenuza, madzi ochepa oyambawo amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukirani kumaso. Madzi ozizira aja atentha okha popanda moto, kufika madigiri 80 kapena kuposa, ndipo patuluka nthunzi yotsokomoletsa kwa mphindi zingapo. Ana amadabwa nazo kwambiri, ndipo ndi bwino adabwe ali patali. Wamkulu awerenge choyezera kutentha mokweza, iwo alembe.

Sungunulani mafuta a ng'ombe pamodzi ndi a mpendadzuwa, kenako dikirani madzi a kostiki ndi mafutawo zonse zifike pakati pa madigiri 40 ndi 45. Mafuta a ng'ombe akazizira kuposa apo amayamba kugwirana okha, n'kukupusitsani kuti sopo wagwira pamene sanagwire. Wamkulu athire madzi a kostiki m'mafuta mwa kamtsinje kakang'ono, n'kuyamba kutakasa mosadukiza, mosakuntha kuti zisadumphe. Ndi mthiko zimatenga theka la ola mpaka ola lathunthu. Ndi kamakina kogayira kogwira m'manja zimatenga mphindi zosakwana zisanu. Chizindikiro chake ndi ichi: zosakanizazo zimasiya kuoneka mafuta, zimachita ngati phala la mwana, ndipo mukadontheza kuchokera pamthiko kamzere kamakhala pamwamba kanthawi kasanamire. Pamenepo thirani m'zikombole. Phala limeneli likadali lolusa ngati kostiki yemwe, choncho wa kupulaimale angoyang'ana. Wa Fomu 3 kapena 4, atavala magalasi ndi magolovesi, akhoza kulandira mthiko wamkulu ali pambali pake, mmodzi pa nthawi imodzi. Wamkulu mmodzi asayang'anire ana oposa khumi pa gawo limeneli. Kalasi ya ana 80 igawidwe masiku, kapena ingoonerera.

Vundikirani zikombole ndi katoni. M'mwezi wa Juni kapena Julaye fundikani bulangete kuti kutentha kwa m'kati kuthandize ntchito. Mu Okutobala musafundike, chifukwa sopo akatenthedwa kwambiri amang'aluka pakati kapena kufufuma n'kusefukira. Miphika ndi mthiko musatsuke tsiku lomwelo. Ziikeni kokhoma masiku awiri, zotsalira zija zisanduke sopo, muzitsuke mosavuta ndi mopanda ngozi. Patatha maola 24 mpaka 48 mtanda ukhala utalimba ngati tchizi. Ana avale magolovesi, ayeze ndi rula, adule ndi waya wopyapyala kapena mpeni wosathwa. Sopo wa mafuta a ng'ombe mukamuchedwetsa kudula amauma gwa n'kumanyenyeka.

Gawo lotsatira ndi limene ambiri ophunzitsa amalidumpha, pamene kwa ife ndi lokoma koposa. Mitanda iyalidwe pa thandala la matabwa kapena nsungwi, pamthunzi podutsa mphepo, yotalikirana, kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Osati padzuwa, osati pa malata. Tchingani ndi sefa ya waya, chifukwa makoswe sopo wa mafuta a ng'ombe amamudya ngati chiponde. Mwana aliyense kapena gulu lililonse likhale ndi mtanda wake wolembedwa nambala, auyeze pa sikelo tsiku lomwelo sabata iliyonse, alembe, ajambule girafu. Aona kulemera kukutsika msanga masabata awiri oyamba, kenako pang'onopang'ono, mpaka kuima. Chikuchoka ndi gawo la madzi aja a magalamu 300. Mtanda umene wasiya kupepuka ndiye wakhwima: ndi wolimba, sulusa, ndipo sutha msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wa zaka khumi amene wadikira masabata asanu ndi limodzi akuyeza chinthu chimodzi wachita sayansi yeniyeni kuposa amene waloweza matanthauzo makumi awiri.

Sopo akalakwika musamubise. Muikeni patebulo, ana amuzenge mlandu pogwiritsa ntchito kope. Ngati ndi wouma, woyera ngati choko, wonyenyeka, kapena ali ndi timaenje ta madzi m'kati, kostiki adachuluka kapena sadasungunuke bwino, ndipo ameneyo asasambidwe. Ngati patha sabata akadali wofewa ndi wonona, kostiki adachepa, kapena anali wakale wokoka chinyezi, kapena madzi adapyola. Ngati mafuta ayandama pamwamba ndipo pansi pali madzi, kutakasa kudalekezedwa msanga. Kaufa koyera kopyapyala pamwamba pokha si koopsa: ndi kostiki wa pamwamba amene adakumana ndi mpweya asanadyane ndi mafuta, ndipo kamachoka mukapala kapena kutsuka. Timadontho ta chikasu totuluka patapita miyezi, tokhala ndi fungo la mafuta okhalitsa, ndi mafuta ovunda. Amakonda kutero sopo wochuluka mpendadzuwa kapena soya, kapena wosungidwa ponyowa. Ngati phala lidauma mwadzidzidzi mumphika mthiko uli chiimire, funsani chimene adathiramo. Kawirikawiri ndi pafyumu wopopera m'thupi, amene ali ndi mowa m'kati. Kuti mudziwe ngati sopo wakhwima bwino, nyowetsani pamwamba, ikanipo kapepala koyezera pH (nambala yosonyeza kulusa kwa sopo), kaonetse 9 kapena 10. Opanga sopo ena amayesa ndi nsonga ya lilime. Zimenezo musazionetse ana n'komwe.

Ana adzadandaula kuti sopo wawo satulutsa thovu ngati wa kusitolo. N'zoona, mafuta a ng'ombe ndi mpendadzuwa amapereka thovu lochepa, lothina ngati la mkaka. Thovu lalikulu limachokera ku kokonati ndi ku mafuta a m'njere za kanjedza wa mawese. Koma thovu silimene limatsuka. Mukafuna kuwonjezerako, chotsani magalamu 50 a mpendadzuwa muikepo a nsatsi ogula ku famase, ana awerengerenso pa 0.128. Asafinye okha njere za nsatsi, chifukwa njerezo zili ndi poizoni.

Nanga ang'onoang'ono, a Sitandade 1 mpaka 4? Iwo asakhalepo tsiku la kostiki, koma zochita zilipo zambiri. Tengani sopo wokhwima kale, kaya wa mtanda wa kusitolo kaya zotsalira, ana apale ndi chopalira karoti mpaka akwane magalamu 500. Thiranimo madzi mamililita 100 kapena 150, zigone usiku. M'mawa wamkulu aike mbale ya sopoyo m'kati mwa mphika wa madzi otentha, azitakasa mpaka zifanane ndi mbatata yofutsa. Zikazizirako, ana akanikizire m'timabigili, asindikize tsamba kapena chivindikiro cha botolo pamwamba, adikire masiku angapo ziume. Tingowauza zoona kuti apa sitikupanga sopo, tikungomuumba. N'chimodzimodzi ndi sopo woonekera uja wogulitsidwa kuti muzingosungunula n'kuthira m'zikombole: ndi masewera abwino, opanda ngozi kupatula kutentha, koma amene adapanga sopoyo ndi a kufakitale. Mwana akakula akuganiza kuti sopo amachokera ku sopo, taphonya.

Chimene chingawatsegule maso ang'onowa ndi botolo. Thiranimo madzi ndi mafuta ophikira pang'ono, mwana akhutchumule, aike pansi: mafuta abwerera pamwamba. Onjezerani sopo wopala, akhutchumulenso: zonse zisanduka ngati mkaka, ndipo zichedwa kulekana. Muwauze kuti kanthu kalikonse ka sopo kali ngati mbululu, mutu umakonda madzi, mchira umakonda mafuta. Michira imaluma litsiro la mafuta, mitu imakokera kumadzi, litsiro n'kupita ndi madziwo. Tenganinso mabotolo awiri, lina la madzi a mvula lina la pamjigo, sopo wofanana, akhutchumule kofanana, ayeze thovu ndi rula.

Kenako pali chidulo, chimene agogo awo amachidziwa kuposa buku lililonse. Madzi otcheza paphulusa aja ndi msuweni wa kostiki, wofatsa koma wa banja lomwelo, ndipo n'chifukwa chake amaterera m'zala. Anthu asanakhale ndi kostiki wa m'paketi ankapangira sopo madzi a phulusa, ndipo ku West Africa akuterobe: sopo wakuda amene Ayoruba amati ose dudu, ku Ghana amati alata samina, amachokera ku phulusa la makoko a nthochi kapena a koko. Sopo wa phulusa amatuluka wofewa chifukwa phulusa lili ndi potassium osati sodium, ndipo mphamvu ya chidulo imasinthasintha, choncho sitikulimbikitsa kuti kalasi ipangire sopo wosambira. Koma wiritsani chidede, muthire madzi ake ofiira m'makapu atatu oonekera. M'kapu ina finyiranimo ndimu, kufiira kuwala. Ina isiyeni. Ina thiranimo chidulo, mtundu usanduka wobiriwira modera. Mwana amene waona zimenezi akadzamva za asidi ndi alkali kusekondale adzangoti n'zija za chidede.

Pali anthu awiri amene sitigwirizana nawo, ndipo onse ndi a zolinga zabwino. Woyamba amati popeza kostiki ndi woopsa, nkhani ya sopo isafike n'komwe kwa ana. Koma m'makomo ambiri amayi a m'magulu akupanga kale sopo, kostiki ali kale kuseri kwa chitseko, ndipo mwana amene sadauzidwe kuti ndi chiyani ndi amene ali pangozi yaikulu. Wachiwiri ndi amene amaona ana ngati manja aulere. Kalabu ya sopo ikangoyenda bwino, maganizo amabwera akuti tizipanga sabata iliyonse, tizigulitsa, tipeze ya choko. Apo phunziro latha, yatsala fakitale. Lamulo la za ntchito la Malawi la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Komanso sopo wogulitsa ali ndi miyezo yake imene a Malawi Bureau of Standards amayang'anira. Ana awerengere mtengo, inde: afunse kumsika mtengo wa mafuta, kostiki ndi makala, agawe ndi chiwerengero cha mitanda, ayerekeze ndi wa kugolosale. Nthawi zina adzapeza kuti wawo wadula kuposa wogula, makamaka mafuta ophikira akakwera, ndipo yankho limenelo lisakonzedwe kuti likome.

Ndipo tisawaphunzitse bodza la pamsika. Nimu, chammwamba ndi aloe vera zimalowa mu sopo wambiri masiku ano, ndipo pa chikutiro pamalembedwa kuti amachiza zipere, ziphuphu, mpaka matenda amene adokotala amalimbana nawo miyezi. Tsamba limene lakhala mu phala la kostiki maola 24 latsala ndi zochepa za mphamvu yake, ndipo sopo amakhala pakhungu mphindi imodzi n'kutsukidwa. Mukafuna mtundu kapena kukhakhala pang'ono, thirani sipuni imodzi yaikulu ya ufa wa masamba ouma pa magalamu 500 a mafuta, phala likangogwira. Masamba aawisi amada ndi kuchita chuku. Uchi, shuga ndi mkaka zimatenthetsa phala, zisiyeni mpaka mutazolowera. Pa chikutiro ana alembe zimene zili m'kati, tsiku lopanga, ndi kulemera kwake, basi.

Sopo wamba, wopanda tsamba lililonse, ali kale ndi ntchito yaikulu. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Pasukulu zambiri mpondagiya ulipo pafupi ndi chimbudzi, kachigubu kali lende, koma pa chingwe cha sopo palibe kanthu. Mitanda 12 ya kalasi imodzi siingathetse vuto limenelo chaka chonse, ndipo kugula sopo wa pasukulu ikadali ntchito ya akuluakulu. Koma sabata yachisanu ndi chimodzi ikakwana, girafu ikagona, kapepala ka pH kakaonetsa 9 kapena 10, tengani mtanda umodzi. Ubooleni pakati ndi msomali wotentha, lowetsani chingwe, vekani pamwamba pake chitini chobooledwa chozondotsa kuti mvula isausungunule ndipo mbuzi zisaunyambite, mukaumangirire pa mpondagiya. Gulu limene lidauyeza lipitirize kuuyeza Lachisanu lililonse, lione kuti magalamu 100 amatha masiku angati pa manja a sukulu yonse, liwerengere mitanda yofunika pa teremu, likapereke nambalayo ku komiti ya sukulu.